Wodwala akatuluka m'chipatala, malangizo amapita ndi ndani?

"Si dzana lomweli anatuluka akuyenda yekha?" Funsoli limamveka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nthawi zina pa benchi ya kuchipatala, nthawi zina pasiwa. Munthu anagonekedwa, analandira chithandizo, adokotala anaona kuti wapeza bwino n'kumulola kupita kwawo. Sipanathe masabata awiri, wabweranso atamugwirizira pa kabaza, ali wofooka kuposa poyamba. Abale amaloza chala chipatala kuti chinamutulutsa asanachire. Achipatala amati kunyumba sanatsate malangizo. Ena amayamba kukayikirana pachibale, kuti mwina pali dzanja la munthu.

N'kutheka kuti abale ndi achipatala onse akunena zoona. Malangizo anaperekedwadi. Koma anapatsidwa ndani, nthawi yanji, m'chiyankhulo chanji, ndipo munthu amene anawamvayo ndi amene anakasamalira wodwalayo kunyumba? Apa ndi pamene pagona nkhani imene azaumoyo m'maiko ambiri akhala akulimbana nayo, yoti banja ndi osamalira odwala aziphunzitsidwa wodwala asanatuluke pageti.

Tsiku lotuluka

Adokotala akalemba kuti wodwala atuluke, sakunena kuti matenda atheratu. Akunena kuti zimene zinafunika bedi la m'wodi, monga diripi, okosijeni, jakisoni wa mumtsempha kapena diso la namwino usana ndi usiku, sizikufunikanso, ndipo chithandizo chotsala chingathe kuchitikira kunyumba. Nthawi zambiri chotsalacho chimakhala chachitali kuposa chimene chachitika m'wodi. Mwana wodwala malungo aakulu amabayidwa jakisoni wa artesunate, koma akayamba kudya ayenera kumalizabe LA wa masiku atatu. Mayi wa opaleshoni amatuluka bala lisanapole. Wodwala TB amatuluka akadali ndi ulendo wautali, pakuti mankhwala ake ndi a miyezi 6.

Kwa zaka zambiri zipatala zinkawerenga okhawo omwalirira m'wodi. Wotuluka pageti ankatha m'mabuku, ndipo zimene zamuchitikira kumudzi palibe ankazilondola. Kafukufuku wa gulu la ofufuza lotchedwa CHAIN, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, analondola ana oposa 3,000 osakwana zaka ziwiri amene anagonekedwa m'zipatala za m'maiko 6. Chimodzi mwa zipatalazo chinali Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene zipatala za kuno kuchigwa cha Shire zimatumiza odwala kwambiri. Mwa ana 350 amene anamwalira, pafupifupi theka anamwalira atatuluka kale, mkati mwa miyezi 6. Chiopsezo chinali chachikulu kwa ana onyentchera, kwa amene anachoka m'chipatala adokotala asanavomere, ndi kwa amene owasamalira anali ndi mavuto awoawo, monga nkhawa ndi kusowa pogwira.

Maiko olemera anakumana ndi vutoli kudzera khomo lina. Mu 1983 boma la America linasintha kalipiridwe ka zipatala pa odwala okalamba, kuti zizilandira ndalama malinga ndi mtundu wa matenda, osati kuchuluka kwa masiku amene munthu wagona. Zipatala zinayamba kutulutsa anthu msanga, ndipo kukonzekera tsiku lotuluka kunayamba kuonedwa ngati ntchito payokha. Mu 2009 ofufuza a ku Boston anaonetsa kuti namwino akakhala pansi ndi wodwala, n'kumufotokozera mankhwala ake, n'kumulembera ndondomeko yomveka, kenako wina n'kumuimbira foni patatha masiku ochepa, anthu obwereranso kuchipatala mkati mwa mwezi amachepa ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse.

Kwathu chotulutsa anthu msanga ndi china. Bedi likufunika kwa wina amene wagona pansi, ndipo banja nalo likufuna kupita, chifukwa ufa umene linabwera nawo watha, kudimba kulibe munthu, ana atsala okha.

Gadiyani

Gadiyani ndi wachibale kapena mnansi amene amakhala ndi wodwala nthawi yonse imene wagonekedwa. Salipidwa, sanaphunzire za chipatala, koma ndi amene amasambitsa, kudyetsa, kuchapa, kutaya zoipa, kuphika ku shelita ya magadiyani, ndi kuthamangira kukaitana anesi usiku zinthu zikasintha. Mchitidwewu unakula chifukwa cha zinthu ziwiri: anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, ndipo mwambo wathu sulola kuti wodwala akhale yekha pakati pa alendo.

Pamenepa tili ndi chuma chimene ena akuchifunafuna. M'zipatala zambiri za ku Ulaya ndi ku America abale amangobwera pa nthawi yozonda odwala, ndipo kumeneko nkhondo yake ndi yoti wachibale aitanidwe. Mu 2014 chigawo cha Oklahoma chinayamba kukhazikitsa lamulo limene zigawo zambiri za America zinatengera pambuyo pake. Lamulolo limauza chipatala kuti chilembe dzina la amene akasamalire wodwala kunyumba, chimudziwitse tsiku lotuluka lisanafike, ndipo chimuonetse ntchito zimene akagwire. Ife sitifunika lamulo kuti wachibale abwere. Ali kale m'wodi, wayala chitenje pansi pafupi ndi bedi. Chimene chimasowa n'choti aonedwe ngati wophunzira, osati wongotumidwa kukatunga madzi.

Komanso si zachilendo m'dziko muno kudalira gadiyani pa mankhwala. Pa TB, wachibale amaloledwa kuyang'anira wodwala akumwa mankhwala kunyumba n'kumachonga pakhadi. Ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, anthu ankalimbikitsidwa kubwera ndi wowathandiza ku uphungu asanayambe kumwa. Chisamaliro cha kangaru, chomangirira pachifuwa mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, chimene chinayambira ku Bogota m'dziko la Colombia mu 1978 n'kufika ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, chimayenda bwino ngati pali agogo, bambo kapena azakhali oti alandire mwana pachifuwa mayi akafuna kusamba kapena kugona. Kumene kuli pulogalamu yokhazikika ngati zimenezi, banja limaphunzitsidwa mwadongosolo. M'wodi wamba ya abambo kapena ya amayi, zimadalira kuti tsiku limenelo namwino ali ndi mpata wotani.

Anthu atatu amene timawayesa mmodzi

Apa ndi pamene ndikuona kuti malangizo ambiri amasochera. Tikamati banja liphunzitsidwe, timaganiza kuti gadiyani amene ali pambali pa bedi ndiye banjalo. Koma pa wodwala mmodzi pamakhala anthu atatu: amene wagona m'wodi, amene akasamalire kunyumba, ndi amene ali ndi mawu omaliza pa ndalama ndi pa ulendo wobwerera kuchipatala. Nthawi zina ndi munthu mmodzi. Nthawi zambiri ayi.

Tiyerekeze mtsikana wa kwa Tengani amene wabereka mwana woyamba pa opaleshoni. Masiku awiri oyamba amudikirira ndi mayi ake omubala, amene aona mmene anesi akutsukira bala ndipo amva zoti asanyamule zolemera. Tsiku lachitatu mayiwo abwerera kukaona kumunda, ndipo walowa m'malo ndi mng'ono wake wa mtsikanayo, mwana wa sukulu. Iyeyu ndi amene alipo pa tsiku lotuluka, ndipo ndi amene walandira mapilisi ndi malangizo. Koma mtsikanayo sakupita kwa mayi ake. Akupita kwa mwamuna wake, kumene apongozi aakazi ndi amene ayang'anire chikuta, kusambitsa khanda ndi kuona za mchombo. Bala likayamba kutuluka mafinya, wovomereza kuti alipire njinga yamoto ndi mwamuna, amene ali ku ganyu ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Onse anayi amamukonda, ndipo palibe wanyalanyaza. Kungoti amene anaona sanamve malangizo omaliza, amene anamva sakasamalira, amene akasamalire sanafike m'wodi, ndipo wa ndalama akangomva pafoni.

Kuchigwa kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina chifukwa mitundu iwiri ikuluikulu imasiyana kayendetsedwe ka banja. Pakati pa Asena mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo akuchimuna ndi amene amakhala ndi mawu aakulu pa iye ndi pa ana. Pakati pa Amang'anja mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala malume, sangalambalalidwe pa matenda aakulu. Maukwati osakanikirana ndi ambiri ndipo miyambo ikusintha, choncho namwino sangadziwe poyang'ana dzina kapena mudzi. Ayenera kufunsa: "Mukatuluka muno mukafikira kwa ndani? Akakupatseni mankhwala usiku ndi ndani? Zitavuta, amene anganene kuti tiyeni kuchipatala ndi ndani?" Mafunso atatuwa satenga mphindi ziwiri, koma amaonetsa munthu woyenera kuitanidwa.

Palinso odwala ochokera ku Mozambique amene amawoloka malire kudzalandira chithandizo ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Iwowa akatuluka sapezekanso m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo aliyense wa kuno. Zimene gadiyani wanyamula m'mutu ndizo zonse zimene apita nazo.

Zimene zimaphunzitsidwa

Maphunziro a tsiku lotuluka amayenera kuyankha zinthu zochepa: wodwalayu anadwala chiyani, mankhwala amwe bwanji ndipo mpaka liti, pali ntchito yanji ya manja yoti ichitike kunyumba, ndi zizindikiro ziti zofunika kubwerera msanga, ndipo tsiku loonananso ndi adokotala ndi liti, kuti. Zimamveka zophweka mpaka utaziona pafupi.

LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amagwira bwino akamwedwa ndi chakudya, makamaka chokhala ndi mafuta monga phala lotsira nsinjiro. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, mayesero amakhala osunga mapilisi otsalawo kuti adzathandize mnzake akadzatentha thupi. Paketi ya Thanzi, yothandiza wotsegula m'mimba, imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo zotsala zimatayidwa pakatha maola 24. Koma lita imodzi ndi madzi ochuluka bwanji m'nyumba imene mulibe jagi yolembedwa manambala? Gadiyani ayenera kuonetsedwa pa botolo limene ali nalo. Mapilisi a zinc amapitirira masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegula m'mimba kutaleka. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodzi wonyentcherayo, sichisungunulidwa m'madzi ndipo sichigawidwa. Kunena zimenezi n'kosavuta. Kuzichita mwezi wa Febuluwale, m'nyumba imene ana ena atatu akudya nyika, n'kovuta kwa mayi amene ali yekha, ndipo n'chifukwa chake bambo ndi agogo ayenera kuzimva okha kuchokera kwa achipatala.

Ntchito za manja ndizo zimafuna nthawi. Munthu wofa ziwalo chifukwa cha sitiroko ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda, ndipo podya akhale tsonga kuti chakudya chisalowere kumapapo. Pali kugwira kwake kuti phewa lofookalo lisaguluke. Wodwala shuga amene wayamba insulin ayenera kudziwa kukoka mlingo woyenera mu sirinji, kusinthasintha malo obaya, ndi kuzindikira shuga akatsika kwambiri: kunjenjemera, thukuta, kubalalika mutu. Pa nthawi imeneyo wodwalayo sangadzithandize, ndipo womupatsa madzi a shuga ndi amene ali naye pafupi. Ngati wakomoka, samuthira kanthu m'kamwa, amathamangira naye kuchipatala. Insulin amaonongeka ndi kutentha, ndipo kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kumene kulibe firiji anthu amaphunzitsidwa kuika kabotoloko m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika mumtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi. Wothira madzi mumchengamo tsiku ndi tsiku kawirikawiri si wodwalayo.

Kutentha komweku kungapusitse munthu pa mwana wobadwa masiku asanakwane. Agogo angaone kuti kunja kukuotcha, mwana safunika kumangidwa pachifuwa. Koma kamwana kosakwana makilogalamu 2.5 kamataya kutentha msanga, makamaka m'bandakucha, ndipo kangaru amathandizanso pa kuyamwa ndi kapumidwe.

Zizindikiro zoopsa ndizo ziyenera kukhala m'mutu mwa aliyense pakhomo. Kwa mwana: kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kufooka kosadzuka, kupuma mobanika, manja kuyera. Kwa mayi wongobereka kumene: kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, chikazi chonunkha, bala kutupa kapena kutseguka.

Pali umboni wa m'dziko momwe muno woti mabanja akakhulupiriridwa amakwanitsa. Ana amene agonekedwa chifukwa cha kuchepa kwambiri kwa magazi amakhala pa chiopsezo miyezi yoyamba atatuluka, makamaka akadwalanso malungo. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti ana otere azipatsidwa mankhwala oteteza malungo atatuluka, ndipo m'kafukufuku ankaperekedwa kamodzi pamwezi kwa miyezi itatu. Ofufuza ku Zomba anayerekeza njira ziwiri: kupatsiratu mayi mankhwala onse pa tsiku lotuluka atamufotokozera bwino, kapena kumuuza kuti azibwera kudzatenga mwezi ndi mwezi. Ana ambiri amene anamaliza mankhwala anali a amayi amene anapatsidwiratu. Zikuoneka kuti chimene chinkalepheretsa enawo si kusamva, koma ulendo.

Kuuza ndi kuphunzitsa

M'mawa wa tsiku lotuluka, adokotala akangomaliza kuyendera odwala, wodi imakhala piringupiringu. Gadiyani akumanga katundu, akufunafuna poto amene anabwereka mnzake, akuwerenga ndalama ya minibasi, akuyang'ana dzuwa kuti akawoloke Shire kusanade. Namwino ali ndi anthu angapo otuluka ndi ena ongofika kumene. Amafotokoza mwachangu ataimirira, n'kufunsa kuti, "Mwamva, mayi?" Yankho limakhala limodzi: "Eya, ndamva anesi." Munthu wakumudzi sanganene kwa wovala yunifolomu kuti sanamve. Kumeneko kungakhale ngati kumunyoza kuti sadziwa kufotokoza.

Njira imene azaumoyo amalimbikitsa pofuna kuthana ndi zimenezi inatchuka ku America ndi dzina loti teach-back. Wophunzitsa safunsa ngati munthu wamva. Amamupempha kuti abwereze m'mawu ake, kapena achite ndi manja ake, ndipo amaika mlandu pa iye mwini kuti womverayo asachite manyazi:

"Agogo, ndayankhula zambiri, mwina pena ndathamanga. Tandiuzeni, mukafika kunyumba madzulo ano, mwanayu mukamupatsa ati?"

"Awa achikasuwa, awiri."

"Nanga mawa?"

"Mawa ndiona mmene wadzukira."

Pamenepo namwino wapeza pamene panatayika, ndipo abwereza pokhapo: akadzuka bwino kapena ayi, amwe m'mawa ndi madzulo mpaka paketi ithe. Kenako afunsanso. Palibe anaphunzira kupalasa bwato atakhala pamtunda akumvera malangizo. Amapatsidwa nkhafi madzi ali osaya, mwini bwato ali pomwepo. Kutembenuza wodwala, kutsuka bala, kukoka insulin, kumanga mwana pachifuwa, zonsezi gadiyani ayenera kuzichita kangapo m'wodi namwino akuona. N'chifukwa chake akatswiri amati maphunzirowa aziyamba tsiku logonekedwa, pang'onopang'ono, pa nthawi yogawa mankhwala ndi yotsuka mabala. Tsiku lotuluka likhale longokumbutsana.

Chiyankhulo nacho chimalowererapo. Anamwino ndi madokotala ambiri ogwira ntchito kuchigwa anachokera m'maboma ena. Agogo a kwa Ndamera kapena ku Marka amene chiyankhulo chawo ndi Chisena amamva Chichewa cha pamsika, koma Chichewa chothamanga chosakaniza ndi mawu a Chingerezi chimawadutsa. Womasulira amakhala aliyense amene ali pafupi, wokolopa m'wodi kapena gadiyani wa pabedi linalo, ndipo nkhani ya matenda a munthu imafika m'makutu osayenera. Buku la kuchipatala nalo limalembedwa m'Chingerezi chachidule, cholembera dokotala mnzake. Zilembo ngati bd ndi tds sizithandiza munthu amene akufuna kudziwa kuti amwe kangati. Zizindikiro za dzuwa lotuluka, la paliwombo ndi lolowa zimene zimakhala pa timapepala ta mapilisi zimathandiza, bola wina azifotokoze, chifukwa mapilisi oyera a mitundu itatu akalowa m'thumba limodzi amafanana onse.

Chinsinsi cha wodwala

Pali malire amene sayenera kuiwalika. Matenda ndi a wodwala, ndipo munthu wamkulu amene ali ndi nzeru zake ali ndi ufulu wosankha amene auzidwe. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha amene ali ndi kachilombo, ndipo malamulo a ntchito ya unamwino ndi udokotala amateteza chinsinsi cha wodwala aliyense. Mayi angafune kuti mchemwali wake adziwe za ma ARV koma osati apongozi amene akumudikirira. Mtsikana amene wapita padera sangafune kuti malume ake amve zonse. Mkazi amene anavulazidwa ndi mwamuna wake akhoza kukhala kuti gadiyani wake ndi mwamunayo.

Ena amaona kuti chinsinsi choterechi ndi chachilendo kwa ife, chifukwa matenda kwathu ndi a mbumba yonse, ndipo wosamalira amene sakudziwa chimene akusamalira angalakwitse, mwinanso kutenga matendawo. Ena amati popanda chinsinsi anthu angaleke kubwera kuchipatala, ndipo amayi ena angathamangitsidwe pabanja. Mbali zonse zili ndi anthu enieni amene anavutikapo. Njira imene anamwino ambiri odziwa ntchito amatsata ndi kuyamba afunsa wodwalayo payekha, gadiyani atatuluka: "Ndani mukufuna kuti akhalepo tikamakambirana? Pali zimene simukufuna kuti amve?" Zambiri zimatheka kuphunzitsidwa popanda kutchula dzina la matenda, monga nthawi ya mankhwala, kuvala magolovesi potsuka bala, ndi zizindikiro zoopsa. M'wodi yodzaza, imene mabedi ali moyandikana, ngakhale kupeza malo ofunsira funso limeneli ndi ntchito.

Kuseri kwa geti

Malangizo oti "zikavuta mubwere msanga" amalemera mosiyana malinga ndi kumene munthu akupita. Wa pa boma la Chikwawa ali pafupi ndi chipatala, ndipo Blantyre ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kukwera phiri. Wa pa boma la Nsanje ali kutali ndi Queen Elizabeth makilomita oposa 150. Wa kwa Nyachikadza amadalira bwato. Wa ku Makhanga, madzi akasefukira, amakhala ngati ali pachilumba. Zipatala za mishoni monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona zili pafupi ndi anthu ambiri, koma pa matenda ena pamafunika kulipira. Maphunziro abwino amatchula malo enieni: kwanuko chipatala chapafupi ndi chiti, usiku mungapeze njinga kwa ndani, ndalama ya ulendo mwasunga kapena ayi.

Amene angalumikize wodi ndi mudzi ndi alangizi a zaumoyo. Ntchito yawo inayamba ndi anthu obaya katemera wa nthomba m'ma 1960 ndi othandiza pa kolera m'ma 1970, ndipo lero ndi amene amayendetsa sikelo ndi zipatala za m'midzi za ana osakwana zaka 5. Cholinga cha boma n'choti mlangizi mmodzi azitumikira anthu 1,000. Mlangizi akadziwa kuti kwa akuti kwabwera mwana wochokera ku wodi ya onyentchera, angathe kukamuona. Vuto n'loti uthengawo umadalira banja lomwelo kuti likamuuze. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, kumene munthu angaimbe kufunsa malangizo.

Madzi osefukira amaonjezera zawo. Mu Januwale 2015, pa namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, mabanja ambiri kuchigwa anathawa m'nyumba usiku, ndipo mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zinapita ndi madzi. Kumsasa, wazaumoyo akafunsa kuti bambowa amamwa mankhwala anji a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, woyankha ndi wachibale amene anaphunzitsidwa dzina la mankhwalawo ndi mlingo wake. Kuno, kudziwa dzina la mankhwala pamtima ndi kusunga buku m'pepala la pulasitiki ndi mbali ya maphunziro otulukira.

Zimene sizinagwirizanikebe

Funso loyamba ndi la nthawi. Kuphunzitsa bwino kumafuna mphindi zimene namwino amene ali yekha m'wodi yodzaza alibe. Ena amati ntchitoyi ipatsidwe kwa anthu ake apadera, kapena magadiyani aziphunzitsidwa pagulu ku shelita m'mawa uliwonse. Ena amayankha kuti phunziro la pagulu limathandiza pa ukhondo ndi kadyedwe, koma silingalowe m'malo mwa kukambirana za wodwala mmodzi ndi mankhwala ake, ndipo amene amamudziwa wodwalayo ndi namwino yemwe wamusamalira.

Pali nkhawa inanso imene sitiyenera kuipeputsa: kodi kuphunzitsa banja si njira yosenzetsa amayi osauka ntchito imene boma linayenera kulipira anthu? Magadiyani ambiri ndi akazi, ena ndi atsikana amene ajomba kusukulu, ndipo akabwerera kunyumba amapitiriza kusamalira kwinaku akulima, kutunga madzi ndi kuphika. Wina anganene kuti ntchitoyo akuigwira kale, ndiye bola aigwire akudziwa. Wina angafunse kuti malire ali pati. Kupereka mapilisi n'kwina, kusamalira katheta (chubu chotulutsira mkodzo) kapena chubu chodyetsera n'kwinanso, ndipo zikalakwika pa zoterezi mlandu ukhala wa ndani, wophunzitsa kapena wophunzitsidwa?

Nanga amene sanabwere kuchipatala, apongozi aja ndi mwamuna uja, afikiridwa bwanji? Kuwaitanitsa kumafuna ndalama ya ulendo imene banja lilibe. Kuwaimbira foni n'kotheka, koma mayunitsi alipira ndani, ndipo chinsinsi chitetezedwa bwanji pa foni yobwerekana? Ena akuganiza za mauthenga ojambulidwa mawu m'Chisena ndi m'Chimang'anja oti banja likamvere limodzi kunyumba, ena za kakalata kopita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Zonsezi zimafuna wina woti azilondola.

Asing'anga ndi atsogoleri a mipingo nawo ali m'nkhaniyi, chifukwa mabanja ambiri akatuluka m'chipatala amapitanso kumeneko, ndipo mawu awo angalimbikitse kapena kuletsa mankhwala. Azaumoyo sagwirizana ngati ndi bwino kuwaphunzitsa zizindikiro zoopsa kuti azitumiza odwala msanga, kapena ngati kutero kungaoneke ngati chipatala chavomereza zonse zimene amachita.

Ndipo pali banja limene lasankha kutuluka adokotala asanavomere, chifukwa chakudya chatha kapena chifukwa akuluakulu kumudzi alamula kuti wodwala abwere. Awa ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu, komanso ndi amene kawirikawiri amachoka opanda malangizo alionse, ena mozemba usiku. Anamwino ena amaopa kuti kuwaphunzitsa ndi kuwapatsa mankhwala kungalimbikitse ena kuchita chimodzimodzi. Ena amati munthu amene watsimikiza kupita apitabe, choncho apite akudziwa kamwedwe ka mankhwala, zizindikiro zoti abwerere, ndiponso kuti akabwerera sadzakalipiridwa.